Nsalu Zopanda Lisiti

Matikiti a khonsolo ndimasunga m'chitini cha mabatani.
M'mawa uliwonse, dzuwa lisanafike pakhonde langa ku Mchesi,
Nasibeko amatulukira ndi kabuku kake, n'kung'amba kapepala,
ine n'kupereka, singano isanaboole nsalu ndi kamodzi komwe.
Sindidana naye.
Nayenso nsapato zake zinadyeka kuchidendene.

Ulusi wa ku Malangalanga, msonkho uli momwemo.
Mafuta a makina, msonkho.
Mayunitsi oimbira kasitomala wothawa ngongole,
boma limayamba laluma mbali yake.
Sindinazembepo.
Angazembere kuti munthu wosokera pakhonde,
msewu wonse ukumuona?

Ndiye mwezi wathawu kunabwera lole usiku,
yopanda nambala kumbuyo.
Mabelo a nsalu, nkhope imodzi yokhayokha
ikumwetulira pa mita iliyonse.
A Dzoole, amene chaka chatha ankandipempha ya minibasi,
anatsika atavala suti yosasokedwa kuno,
nati: madiresi makumi asanu,
Loweruka kuli msonkhano ku Masintha.

Ndinafunsa, pakuti pakamwa panga sipamva:
nsaluzi wagula ndani?
Anaseka. Akufuna kwabwino, anatero.
Akufuna kwabwinowo alibe mayina?
Ine wa mabatani ndili ndi chitini chodzaza umboni,
iwo a mabelo alibe ndi kapepala komwe.

Ndinasoka. Ndisaname, ndinasoka.
Lendi sadziwa chipani.
Sizasi yanga inadula nkhope ija pamphuno,
khutu limodzi linapita kumkono,
lonjezo la mankhwala m'zipatala
linapindidwa kunsi kwa siketi.

Sabata yotsatira kunabwera ena,
mtundu wina, nkhope ina, nyimbo ina,
koma nditatembenuza nsalu kuti ndione m'mphepete
chidindo cha fakitale chinali chomwechija.
Kapena ndi maso angawa, atopa ndi kulowetsa ulusi.
Kapena dzanja limodzi likuthirira madimba onse awiri
kuti kulikonse kumene kubereke
dengu likhale lake.

Usiku ndikamapalasa makina ndimamuganizira munthu ameneyo.
Sindimudziwa, koma katapira ndimamudziwa,
anandilandapo wailesi.
Mavoti akadzawerengedwa adzakwera kulikulu
osaima pamzere, osalemba dzina pageti.
Katundu wake adzadutsa pachipata cha Mchinji ngati mphepo.
Msewu wa ku Chinsapo adzaupereka kwa iye,
phula lopyapyala ngati lainingi ya jekete yotchipa,
mvula yoyamba n'kuling'amba.
Nanga dzenjelo adzakwirira ndani?
Nasibeko adzabwera ndi kabuku katsopano,
manambala atanenepa.

Dzana Tiyanjane anatentha thupi.
Ku Bwaila anatilembera kapepala kena,
akuti mankhwalawa mukagule ku famase.
Mayi ake anam'bereka pa chidutswa chotsala cha nsalu ija.
Nkhope yomwetulira inali pamsana pa mwana,
ikuyang'ana ife tonse apamzere,
osaphethira.

Ine sukulu ndinalekezera fomu thu,
za bajeti ndimangomva pa wailesi ya aneba.
Koma tepi yanga ndimaidziwa:
ikazungulira mimba ya bwana
kapena chiuno cha mnyamata wa kabaza
mainchesi ake sasintha.
Yezani choncho.
Wopereka mabelo alembedwe dzina poyera,
pa bolodi lomwelo pamene amamata mayina athu tikachedwa kulipira.
Ngati ndi mphatso, aope chiyani?

Lero Nasibeko wabwera mochedwa.
Wang'amba kapepala, ndapereka,
kenako waima, wayang'ana uku ndi uku,
n'kutulutsa yunifolomu ya mwana wake m'jumbo.
Yang'ambika pachigongono, akuti malipiro sanalowe.
Ndafunafuna chigamba m'dengu la zidutswa,
zonse zili ndi maso, mano, malonjezo.
Ndadula thumba la malaya angawa.
Batani ndatenga m'chitini,
pansi pa matikiti ake.